Malo alipo, vuto n'kuwapeza

Mukafika mochedwa pa msika wa Limbuli muli ndi katundu wambiri, mumadziwa chimene chikukudikirani. Tsiku lina ndinaima pambali n'kumaonerera mayi wina amene anatsika pa kabaza ndi madengu atatu a zinanazi. Malo oyalapo analipo ndithu, maso ankaona mipata apa ndi apo. Koma mpata uwu unali wokwana dengu limodzi, pa uwo wina anali ataikapo mwala kusonyeza kuti mwini wake akubwera, winawo unali wopapatiza moti ngakhale mphika sukanakhazikika. Mayiyo ankafuna malo amodzi olumikizana, poti munthu sungayale dengu lina kwa ogulitsa usipa, lina kwa a kaunjika, iwe n'kumathamanga pakati. Anayenda mzere wonse akufunsa, "Pano pali eni ake, mayi?" Atafika kumapeto anatembenuka n'kuyamba mzere wachiwiri. Mmene ankakhazikika n'kuti ogula a m'mamawa atadzaza kale matumba awo.

Kompyuta yanu, ngakhalenso foni ya Android ili m'thumba mwanuyo, imakumana ndi vuto la mayiyu kambirimbiri pa tsiku. Ine ndimakonza makompyuta ndi mafoni pa Chitakale, ndipo nkhaniyi inabuka pa mkangano ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene wangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta pa koleji ina mumzinda. Anandipeza ndikuwerenga za mmene kernel ya Linux, pulogalamu yaikulu imene ili pa mtima pa makompyuta ambiri ndi mafoni a Android n'kumagawira mapulogalamu ena zofunika, imapezera malo opanda kanthu, iye n'kuseka. "Amalume, mukungodzivutitsa. Masiku ano makina akamachedwa timangowonjezera RAM basi." Ndikuti mphwangayo analakwa, ndipo kulakwa kwakeko n'kumene kwafala pakati pathu: timakhulupirira kuti liwiro limagulidwa m'sitolo. Pa nkhani ino liwiro linachokera kwa anthu amene anakhala pansi n'kusintha kalembedwe ka kaundula wa malowo. Kuwonjezera RAM, kachitsulo kamene makina amasungiramo zimene akugwiritsa ntchito pa nthawiyo, sikukanathandiza olo pang'ono.

Chifukwa chake n'chakuti malo amene tikunenawa si RAM. Pulogalamu iliyonse ikayamba kuyenda, kernel imaipatsa mapu akeake a maadiresi, manambala oyambira pa ziro kukwera m'mwamba. Ali ngati manambala a mapuloti olembedwa papepala, pamene dothi lenileni, lomwe ndi RAM, limaperekedwa pokhapokha munthu akafika ndi khasu kuti ayambe kulima. Pa makina a 32-bit mapuwa amatalika 4 GB, ndipo mwa chizolowezi cha Linux pulogalamu imalandirapo 3 GB, yotsalayo n'kukhala ya kernel. Pa kompyuta ya 64-bit ya Intel kapena AMD pulogalamu imalandira 128 TB. Malo onsewa amadulidwa m'timasamba ta mabayiti 4096 kalikonse. Pulogalamu ikafuna poika fayilo, poika zithunzi zimene mwatsegula, kapena posungira ntchito ya nthambi yake yatsopano, kagawo kake kamene kamayenda pakokha, imapempha kernel kudzera m'lamulo lotchedwa mmap. Pempho lake ndi la mayi wa zinanazi uja: ndipatseni malo otalika chonchi, olumikizana, opanda mwini.

Chigawo chilichonse chikatengedwa kernel imachilemba m'kaundula, poyambira pake ndi pothera pake. Akatswiri amachitcha VMA. Aliyense amene ali ndi Linux akhoza kuona kaundulayu ndi maso ake polemba cat /proc/self/maps. Kapulogalamu kakang'ono ngati kameneko kamaonetsa mizere makumi angapo chabe. Mukayang'ana kaundula wa pulogalamu yoyendera pa intaneti, mizere imafika mazanamazana mpaka zikwi. Kwa zaka zambiri Linux yakhala ikuika malire a zigawo 65530 pa pulogalamu imodzi, koma masewera ena apakompyuta anayamba kugunda denga limeneli, mpaka Fedora 39, mtundu wina wa Linux, mu 2023 inakweza malirewo kufika pa 1048576. Pulogalamu yofufuzira ya Elasticsearch yakhala ikunenetsa kuti muikwezere kufika pa 262144 kapena kuposa apo isanayambe ntchito. Msika wa mizere yochuluka chonchi sungauyende ndi mapazi nthawi iliyonse pamene munthu wafika ndi dengu.

Mphwanga anali ndi yankho, ndipo silinali lopusa. Anati ngati malo ndi 128 TB, kufufuzako n'kwachiyani? Ingomupatsani munthuyo malo otsatira pamene munathera, muzingopita chitsogolo mpaka Yesu adzabwere. Vuto ndi lakuti mapulogalamu amabweza malo nthawi zonse, ndipo mipata yotsala m'mbuyo ikamangosiyidwa, katundu amabalalika m'mapu onse. Kubalalikako kuli ndi mtengo wake, chifukwa kernel imasunga matebulo omasulira adiresi iliyonse kuti ifike pa RAM yeniyeni, ndipo matebulo amenewo amadya RAM. Katundu akamwazikana, matebulo amachuluka. Komanso tisaiwale mafoni amene ife timagwira. Ambiri otchipa a Android Go, Android yopepuka ya mafoni a RAM yochepa, anabwera akuyendera 32-bit, komwe malo ndi ochepa zedi ndipo mpata uliwonse ndi chuma. Kumeneko pulogalamu ikhoza kukanidwa malo pamene mipata yonse mukaiphatikiza ikukwana kawiri, kungoti palibe umodzi wotalika mokwanira. Munthu wa ku Thyolo kapena Mulanje safunika kumufotokozera zimenezi. Tonse tikudziwa banja limene lili ndi kandime kumtsinje, kena kuseri kwa tchalitchi, kena kumalire ndi esiteti ya tiyi, koma lilibe pomanga nyumba ya mwana.

Poyamba Linux inkachita ndendende zimene anachita mayi uja. Zigawo zinali pa mndandanda wolumikizana ngati unyolo, ndipo kernel inkayenda chimodzichimodzi, kuyeza mpata wa pakati pa ichi ndi chinzake, mpaka itapeza wokwanira. Chodabwitsa n'chakuti kasanjidwe kofufuzira msanga, kokhala ngati mtengo wa nthambi, kanalipo kale. Kuyambira mu 2001, pa Linux 2.4.10, zigawozi zinkasanjidwanso mu red-black tree, kasanjidwe kamene kamagawa mndandanda pawiri, n'kugawanso pawiri, kuti funso lakuti "adiresi iyi ndi ya ndani?" liyankhidwe m'masitepe owerengeka. Koma mtengowo unkadziwa za okhala okha. Ukaufunsa kuti pakhala ndani apa, unkayankha msanga. Ukaufunsa kuti popanda munthu ndi pati, unkangoti kukamwa yasa. Anali kaundula wa mkulu wa msika amene amalemba dzina la wogulitsa aliyense ndi chiphaso chake, koma sanaganizepo zolemba malo opanda munthu.

Apa ndi pamene anthu analowa njira yachidule, ndipo ndi njira imene ine ndimadana nayo chifukwa ndimaiona paliponse. Anati kernel izikumbukira pamene inathera ulendo watha, ulendo wotsatira iziyambira pomwepo. Kachikumbutsoko ankakatcha free_area_cache. Masiku abwino kankagwira ntchito bwino zedi. Koma munthu woyambira pamene anathera dzulo saona mipata imene yatseguka kumbuyo kwake, choncho mapulogalamu akuluakulu pa makina a 32-bit anayamba kusowa malo chonsecho malo alipo. Mu 2005 anaikapo chigamba: kernel izikumbukiranso kukula kwa mpata waukulu umene inaulumpha, ndipo pempho likakhala lokwana mumpata woterowo, ibwerere kukayambira koyambirira. Kubwerera koyambirirako ndiye kuyendanso msika wonse. Chigamba chinakhala pamwamba pa chigamba, ndipo mitundu yambiri ya mapurosesa, ubongo wa kompyuta, inali ndi kope lakelake la malangizo a kernel amenewa, lililonse ndi timakhalidwe take. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yankho lenileni ife kuno timalidziwa kuyambira kale, kungoti sitinaliike m'kompyuta. Taganizani mlendo amene wafika kwa mfumu yaikulu kudzapempha malo a maekala awiri. Gogo Chalo sanyamuka kukayendera mudzi uliwonse. Tiyerekeze kuti nyakwawa iliyonse ikudziwa minda yopanda mwini m'mudzi mwake, ndipo imauza gulupu nambala imodzi yokha: munda waukulu kwambiri umene ndili nawo ndi wotalika chonchi. Gulupu amamva kwa anyakwawa ake onse n'kusunga nambala imodzinso, yaikulu pa zonsezo, n'kuitumiza kwa mfumu yaikulu. Mlendo akanena maekala awiri, mfumu imangoyang'ana manambala a magulupu ake. Uyu wanena theka la ekala, dera lake lonse talilumpha, ngakhale likhale ndi midzi makumi asanu. Uyu wanena maekala atatu, pitani kwa ameneyu. Gulupuyo nayenso amayang'ana manambala a anyakwawa ake n'kuloza mmodzi. Mlendo wagogoda pa makomo atatu okha, malo wapeza.

Zimenezi n'zimene Michel Lespinasse, katswiri amene ankagwira ntchito ku Google, anachita mu 2012, ndipo zinalowa mu Linux 3.8 yomwe inatuluka mu February 2013. Sanagwetse mtengo uja. Anangowonjezera nambala imodzi pa mfundo iliyonse pamene mtengowo umagawanika, nambala yotchedwa rb_subtree_gap, yonena mpata waukulu kwambiri umene ulipo pansi pa mfundoyo. Kusiyana kwake ndi mafumu athu n'kwakuti m'mtengo umenewu mfumu iliyonse ili ndi nduna ziwiri zokha, ya kumanzere ndi ya kumanja, choncho makomo ogogoda amachulukirapo. Komabe tawerengani. Nambala 2 mukaichulukitsa yokha ka 16 imakupatsani 65536. Ndiye kuti pa zigawo 65530, mtengo woima bwino umatsika masitepe pafupifupi 16, ndipo red-black tree ngakhale itapendekeka motani sipyola kuwirikiza kawiri pamenepo. Masitepe 32 pa tsiku loipitsitsa, m'malo mwa 65530. Zigawo zikafika 1048576 masitepe 16 aja amangofika 20. Palibe RAM ya mtengo uliwonse ku Limbe kapena ku Johannesburg imene ingakuchotsereni ulendo wautali chonchi. Pasanathe chaka kachikumbutso kaja kanachotsedwa mu kernel, ndipo mapurosesa osiyanasiyana anayamba kugwiritsa ntchito malangizo amodzi.

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa kuposa liwiro lopezera malo, ndicho liwiro lonenera kuti "palibe". M'njira yakale yankho limeneli linali lodula kuposa onse, chifukwa sukananena kuti palibe usanayende msika wonse mpaka kumapeto. M'njira yatsopano mfumu yaikulu imayang'ana nambala imodzi ili patsogolo pake n'kukuuza pomwepo kuti m'dziko muno mulibe munda wa maekala asanu, kayeseni kwina. Amene anayendapo maulendo asanu ku ofesi ina kukafunsa chinthu, ulendo uliwonse n'kuuzidwa kuti "mubwere mawa", mapeto ake n'kumva kuti chinthucho sichinakhalepo n'kale lomwe, akumvetsa chimene ndikunena. Ine zinandichitikirapo pofunafuna chikalata cha malo a shopu yangayi, ndipo ndalama za basi zimene ndinataya zikanagula zida zokonzera mafoni.

Chaulere palibe, ndipo apa ndi pamene pagona mkangano weniweni. Kuti manambala aja akhale oona, nthawi iliyonse malo akatengedwa kapena kubwezedwa uthenga uyenera kukwera. Nyakwawa yapereka munda wake waukulu, iyenera kuwerenganso n'kuuza gulupu nambala yatsopano. Gulupu akaona kuti nambala yake yasintha, auze mfumu yaikulu. Akaona kuti sinasinthe, poti munda waukulu wa dera lake uli m'mudzi wina, uthengawo umathera pomwepo. Mtengo ukapendekeka n'kufunika kuuwongola, mfundo zimene zasuntha ziyenera kuwerengedwanso. Choncho pempho lililonse limalipira kamsonkho kakang'ono, ngakhale la pulogalamu imene ili ndi zigawo makumi atatu zokha ndipo sikanavutika kuyenda ndi mapazi. Wina anganene kuti n'kupanda chilungamo, ang'onoang'ono akulipirira mavuto a akuluakulu.

Ine ndikuti msonkhowo ndi woyenera, ndipo chifukwa chake chili pa msewu wa Muloza kupita ku Limbe. Minibasi imene masiku ambiri imafika msanga koma tsiku lina imakugoneka pa Luchenza ikudikira okwera, simungaidalire tsiku lokaonana ndi dokotala. Mumalolera ija yochedwerapo pang'ono koma yodziwika nthawi yake yofikira. Kompyuta ndi chimodzimodzi. Munthu samva kuchedwa kwapakatikati, amamva kaime kadzidzidzi kaja, nyimbo ikadukiza, chala chikukoka sikirini koma chithunzi chitauma. Kernel ikamayenda msika wonse imakhala itagwira loko wa kaundula, ndipo nthambi zina za pulogalamu yomweyo zofuna kaundulayo zimaima pamzere kudikira. Vuto lofanana nalo linalinso m'malo amene kernel imadzisungira yokha, gawo lotchedwa vmalloc. Uladzislau Rezki, akugwira ntchito ku Sony, anaona kuti kufufuza malo kumeneko nthawi zina kunkachedwa mpaka kusokoneza ntchito zosafuna kudikira monga mawu ndi zoyenda pa sikirini. Mankhwala ake, omwe analowa mu Linux 5.2 mu 2019, anali a mtundu womwewo: mtengo wa mipata, mfundo iliyonse ikudziwa mpata waukulu umene uli pansi pake. FreeBSD, pulogalamu ina yoyendetsa makompyuta yomwe ndi banja lina kotheratu, imasunganso nambala yotere m'mtengo wake. Anthu osiyana akamafika pa chitsime chimodzi podzera njira zosiyana, ndiye kuti madziwo ngabwino.

Nkhani sinathere pamenepo. Mu December 2022 Linux 6.1 inabwera ndi kasanjidwe katsopano kotchedwa maple tree, ntchito ya Liam Howlett ndi Matthew Wilcox a ku Oracle. Mungafunse kuti anasinthiranji chinthu chimene chinkagwira kale ntchito. Yankho lili m'chitsulo. Purosesa ya masiku ano imathamanga kwambiri kuposa RAM, moti ulendo uliwonse wokatenga kanthu ku RAM uli ngati kutuma mwana kudambo pamene ndiwo zili pamoto. Ikapita imabwera ndi mabayiti 64 nthawi imodzi. M'mtengo wa nduna ziwiriziwiri sitepe iliyonse ikhoza kukhala ulendo watsopano wa kudambo. Maple tree imaika zinthu zambiri pa mfundo imodzi ya mabayiti 256: mpaka 16 pa mfundo wamba, ndipo 10 pa mfundo zimene zimasunganso kukula kwa mipata. Apa ndiye yafanana kwambiri ndi mafumu athu, gulupu mmodzi ali ndi midzi khumi pa tsamba limodzi la kope lake. Mtengo umafupika, masitepe n'kukhala owerengeka ndi zala. Kuwonjezera apo, kale kernel inkasunga zinthu zitatu zonena nkhani imodzi, unyolo uja, mtengo, ndi kachikumbutso ka zigawo zimene yangozigwiritsa kumene ntchito, ndipo zonse zinkafunika kugwirizana nthawi zonse. Maple tree inalowa m'malo mwa zitatu zonsezo. Inatsegulanso njira yakuti ongofuna kuwerenga kaundula asamadikire loko wamkulu, ndipo mu Linux 6.4 mu 2023 munabwera maloko ang'onoang'ono a chigawo chilichonse payekha, ntchito imene Suren Baghdasaryan wa ku Google anatsogolera.

Tsono ndisabise matope. Walira mvula walira matope. Mu July 2023 Ruihan Li, wofufuza wa ku Peking University, anaulula bowo la chitetezo limene analitcha StackRot, lolembedwa ngati CVE-2023-3269, lomwe linali mu Linux 6.1 mpaka 6.4. Linachokera pomwepa. Pamene gawo la pulogalamu lotchedwa stack linkakula, mfundo ya maple tree inkatha kusinthidwa popanda loko woyenera, wina n'kupitiriza kuwerenga mfundo imene yatayidwa kale. Munthu wamba pa kompyutayo akanatha kudzera pamenepo n'kulanda ulamuliro wonse. Linus Torvalds, woyambitsa Linux mwiniwake, analowererapo pokonza. Wotsutsa anganene kuti njira yoyenda ndi mapazi inali mizere yochepa imene mwana wa sukulu akanaiwerenga n'kuimvetsa, pamene maple tree ndi mizere zikwi zingapo imene oimvetsa bwino ndi ochepa. N'zoona, ndipo sindikuchepetsa. Koma kuphweka kwa njira yakale kunatha kalekale, tsiku limene anayamba kuisoka zigamba. Chimene chinalipo mu 2012 sichinali chophweka ayi, chinali chosokonekera m'makope ambirimbiri. Kulibwino chinthu chovuta chikhale pamalo amodzi pamene maso onse akuyang'ana, kusiyana n'kuti chimwazikane m'makona makumi awiri momwe simuyenda munthu. Bowo lija linapezeka ndi wofufuza wa kutali m'malangizo oikidwa poyera, ndipo linatsekedwa.

Pali kachilema kenanso kakang'ono kamene ndimakakonda chifukwa kamaonetsa kuti akatswiriwa amasankha chotaya. Nthawi zina pulogalamu imafuna malo oyambira pa malire enieni, mwachitsanzo pa nambala yogawika ndi 2 MB. Mtengo umadziwa kutalika kwa mpata koma sudziwa ngati poyambira pake pagwera pa malire otero. Ndiye kernel imafufuza mpata wotalikirapo kuposa umene wapemphedwa, kuti ikadula mutu ndi mchira pakhalebe pokwanira. Potero ikhoza kulumpha mpata umene ukanakwana ndendende. Anaona kuti kutaya kampata kamodzi mwa apo ndi apo n'kwabwino kusiyana n'kubwerera ku ulendo wa mapazi.

Ndisakunamizeninso. Foni yanu ya Itel kapena Tecno ikamachedwa, kawirikawiri vuto si limeneli. RAM yachepa, malo osungira adzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, kapena netiweki yathawa poti chiperoni chaphimba phiri. Pa zimenezo mphwanga akunena zoona. Komanso foni nthawi zambiri imakalamba ndi mtundu wa kernel umene inabadwa nawo, choncho zabwino za mu 2022 sizifika pa foni yogulidwa zaka zingapo m'mbuyomo. Koma laputopu yakale, imodzi mwa zija zimabwera m'makatoni ngati kaunjika, imalandira zonsezi mwaulere tsiku limene mwaikamo Linux yatsopano. Chitsulo chomwecho, RAM yomweyo, kaundula yekha ndiye wasintha. M'dziko limene kachidutswa ka RAM kamafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, luntha lotere liyenera kukhala chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi ndalama akhoza kubisa pulogalamu yoipa pogula makina aakulu. Ife mwayi umenewo tilibe.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti mphwanga anaphunzira red-black tree n'kukhoza mayeso ake, amatha kuijambula pa bolodi ndi choko cha mitundu iwiri, koma palibe anamuuzapo kuti kasanjidwe kameneko kali m'thumba mwake, kakugwira ntchito nthawi iliyonse akatsegula Facebook. Anaiphunzira ngati ndakatulo yoloweza. Achinyamata athu ambiri a zamakompyuta amathera pa kupanga mawebusaiti ndi timaapu, ntchito yabwino ndithu yodyetsa banja, koma pansi pa zimenezo pali nyumba yonse imene timaiona ngati ya eni ake. Chonsecho khomo lake n'lotsegula. Malangizo onse a Linux aliyense akhoza kuwatenga pa intaneti osalipira kanthu kupatula bandulo, ndipo zokambirana za akatswiri zili poyera kuyambira zaka za m'ma 1990. Linus Torvalds anayamba ntchitoyi mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Pa Ndata ku Thyolo pomwepa tili ndi yunivesite ya sayansi, MUST, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Sindikuona chifukwa chimene mwana wa kwa Bvumbwe kapena ku Thekerani angalepherere kukhala mmodzi mwa owerenga malangizo amenewa, makamaka poti mafoni a RAM yochepa, amene akatswiri a kunja amangowayesa mu labu, iye ndi amene amakhala nawo usana ndi usiku.

Ndipo luso lake silithera mu kernel. Funso lakuti "mpata wokwanira uli pati" limabwera kwa aliyense wolemba pulogalamu yosungitsa mabedi m'chipatala, yogawa maola a makalasi, yoika matumba a tiyi m'nyumba yosungiramo katundu, kapena yolemba minda pansi pa lamulo la malo a mafumu la mu 2016. Wolemba wosadziwa amayendetsa kompyuta mzere ndi mzere, pulogalamu n'kuyenda bwino tsiku loionetsa kwa mabwana poti muli mayina makumi awiri. Pakatha zaka ziwiri mayina afika zikwi makumi asanu, makina ayamba kukwawa, ndipo wina amalemba kalata yopempha ndalama zogulira kompyuta yatsopano. Makompyuta otere amafika pa shopu yanga. Ndimawatsegula, kuwapukuta fumbi, kuyeza chilichonse, n'kupeza kuti chitsulo chilibe mlandu.

Loweruka lapitali magetsi atabwera madzulo ndinamukhazika mphwanga pa laputopu yakale ya pashopu n'kumuuza kuti alembe yekha lamulo lija loonetsa kaundula, cat /proc/self/maps. Mizere inatuluka, uliwonse uli ndi manambala awiri a hexadecimal, kawerengedwe kosakaniza manambala ndi zilembo a mpaka f, poyambira ndi pothera. Ndinamupatsa pensulo ndi chikuto cha katoni ya batire kuti achotsere pothera pa mzere uwu pa poyambira pa mzere wotsatira. Mipata yambiri inali ziro, zigawo zitagundana ngati nyumba za m'malayini a pa esiteti. Kenako anafika pamene manambala oyamba ndi 55 amathera, mzere wotsatira n'kuyamba ndi 7f. Anawerengera kawiri, n'kufufuta, n'kuwerengeranso.

"Amalume, apa pali malo oposa 40 TB opanda kanthu."

Ndinamuuza kuti alembenso lamulo lija kachiwiri. Manambala onse anasuntha, chifukwa kuyambira mu 2005 Linux imasintha dala poyambira zigawo nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, kuti wakuba asadziwiretu pamene katundu ali. Anayang'ana chikuto chake chija, masamu ake onse atapita pachabe, n'kukoka mpando kuyandikira. Nthawi yomweyo pakhomo panafika bambo wina wa njinga yamoto atanyamula foni yokulunga m'kansalu, akuti yagwera mu Likhubula pamene amatsuka njinga. Ndinanyamuka kukamulandira. Mphwanga sanatembenuke n'komwe, anali akufunafuna chikuto china cholembapo.